Mpingo ukamakuza malo ake ku Neno, amapindula ndani?

Mukamayenda m'midzi ya ku Neno, kuchokera m'mbali mwa Shire ku Zalewa mpaka kumapiri kwa Dambe, simuchedwa kuona tchalitchi chimene ntchito yake ili m'kati. Pena ndi mulu wa mchenga pafupi ndi khomo, pena uvuni wa njerwa womera udzu podikira simenti. Pena mupeza chipupa chatsopano chazungulira kanyumba kakale, Akhristu akupempherabe m'kati pamene chachikulucho chikukwera kunja. Mukafunsa a komiti ya zomangamanga, yankho loyamba ndi lodziwika: "Tachuluka, sitikukwanamo." Koma masiku ano amapitiriza. Amatchula holo, kalasi ya ana a mmera mpoyamba, chipinda cha sikelo, nyumba yogona atsikana a sekondale. Amati akufuna kuti malowo athandize dera lonse, osati a mpingo wawo okha.

Cholingacho n'chabwino, ndipo ku Neno si chachilendo. Boma limeneli lili ndi zaka zoposa 100 likuona mipingo ikumanga, ndipo lili ndi umboni, wina mpaka wowerengedwa ndi akatswiri, wosonyeza nthawi imene nyumba ya mpingo imathandizadi anthu ndi nthawi imene imangoima. Umboniwo ukuloza pa zimene munthu amafunsidwa akafika pakhomo, osati pa kukula kwa nyumbayo.

Zidayamba kale

Neno lidakhala boma palokha mu 2003, litapatuka ku Mwanza. Mipingo idafikako kale kwambiri izi zisanachitike. Ansembe a chipani cha Montfort, amene adayamba ntchito yawo ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, adatsegula mishoni ya Neno mu 1906. Patangotha zaka ziwiri, mu 1908, a Seventh-day Adventist adapeza malo ku Matandani, mishoni yawo yachiwiri m'dziko muno pambuyo pa Malamulo ya ku Thyolo, ndipo amishoni oyamba kukhalako adali Samuel Konigmacher ndi mkazi wake Ruth, ochokera ku America. Kumunsi, a Anglican adadziwana ndi Matope kalekale: padoko la pamenepo ndi pomwe adalumikizira sitima yawo ya Charles Janson mu 1885 isanakwere kunyanja. A CCAP a Sinodi ya Blantyre nawo ali ndi malo awo, pomwe lero pali Neno Girls Secondary School.

Mwa mishoni zonsezi, palibe imene idaima pa nyumba yopemphereramo yokha. Sukulu ndiyo inkatsogola. Tisadzinamize kuti chidali chifundo chokhachokha: amishoni ankafuna anthu otha kuwerenga Baibulo ndi katekisimu, komanso ankalimbirana midzi. Mfumu ikalola sukulu ya mpingo uwu, mpingo winawo unkadziwa kuti mudzi umenewo wapita. Komabe mwana amene adaphunzira kuwerenga m'kasukulu ka udzu sadawerenge katekisimu yekha. Adawerenganso kalata yochokera ku Halale kapena ku Joni, ndi chiphaso cha msonkho.

Matandani ndiyo idakuza malo ake mowonekera. Mbiri yake idalembedwa ndi Yonah Matemba m'buku limene a Kachere a ku Zomba adasindikiza mu 2003. M'zaka za m'ma 1950 pamishonipo padakhazikika sukulu ya ntchito zamanja, anyamata n'kumaphunzira ukalipentala ndi kumanga, ndipo mishoniyo inkadzipangira magetsi kuchokera kumadzi a mumtsinje pamene midzi yonse yozungulira inkaunikira koloboyi ndi nsakali. Mnyamata wotuluka kumeneko ankabwerera kwawo ndi luso loti akhoza kukhomera denga la Mkatolika, la Msilamu ngakhale la munthu wosapemphera. Kutumikira dera kudayambira pa zinthu ngati zimenezo.

Boma la mapiri ndi fumbi

Kuti mumvetse chifukwa chimene anthu a ku Neno adadalirira mipingo chotere, yambani mwaona dziko lake. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 138,000, omwazikana m'madera a mafumu aakulu monga Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon. Kumtunda, cha kumalire ndi Mozambique, n'kozizira. Amalima mbatatesi ndi tirigu m'mapiri otsetsereka moti njinga ya kabaza imachita kukankhidwa. Kumunsi, m'chigwa cha Lisungwi ndi Shire, n'kotentha, mvula yake ndi yosadalirika. Pakati pa madera awiriwa pali zigwembe ndi mitsinje monga Wamkulumadzi, imene ikadzaza m'dzinja munthu amagona tsidya lomwe ali.

Chodabwitsa n'chakuti chuma cha dziko chimadutsa momwemo. Magetsi a ku Nkula adayamba kuyaka mu 1966. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'bomali. Koma kwa zaka zambirimbiri Neno linkadziwika ngati boma limene likulu lake silifikika pa msewu wa phula, ndipo msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza wakhala nyimbo ya pa kampeni iliyonse.

Pa zaumoyo zinthu zidali chimodzimodzi. Bungwe la Partners In Health, limene kuno timalidziwa ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lisanafike mu 2007, Neno lidalibe chipatala chachikulu cha boma. Matenda akakula, ulendo udali wa ku Mwanza. Abwenziwa pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo adamanga chipatala cha paboma ndi cha ku Lisungwi, ndipo mu 2016 kudatsegulidwa china kwa Dambe. Koma zonsezi zisanabwere, ndipo mpaka lero, madera ena chipatala chawo chapafupi ndi cha mpingo: Matandani ndi Nsambe za a Adventist, Neno Parish cha Akatolika, ndi Matope cha a Anglican. Kwa mayi wa m'madera amenewa, chipatala cha mishoni si chinthu chosankha. Ndi chokhacho chimene miyendo yake ingafikeko.

Njerwa n'zosavuta, povuta ndi pa simenti

Tchalitchi cha kumudzi chimamangidwa ndi thukuta la eni ake. Kwa Akatolika ntchito imagawidwa m'miphakati. Ku CCAP akulu a mpingo amagawana madera, amayi a Mvano ali patsogolo. Kwa a Sabata, amayi a Dorika ndi achinyamata satsalira. Tsiku loumba njerwa likafika, abambo amalawirira kukakumba dothi ndi kuliponda, amayi ali pamzere ndi ndowa kuchokera kumtsinje, anyamata akuthamanga ndi chikombole n'kumakhuthula njerwa ziwiriziwiri pabwalo losesedwa bwino, kenako n'kuzifunditsa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Mlembi amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope lake, kulemba amene wabwera ndi amene wajomba. Wojombayo amadziwa yekha kuti dzina lake limveka pa nthawi ya zolengeza.

Njerwa, mchenga, miyala ndi madzi, zimenezi mudzi umatha. Povuta ndi pa zogula: simenti, malata, misomali, matabwa, magalasi, ndi malipiro a mmisiri. Apa ndi pomwe pamalowera mapuleji, zopereka za masika, makalata opita kwa ana a m'deralo amene ali ku Blantyre kapena ku Joni, ndi pepala Sande, tsiku limene makwaya amaitanidwa kuchokera kutali ndipo ndalama yachitsulo siiloledwa m'mbale. Mlendo wolemekezeka pa tsikuli nthawi zambiri amakhala wandale, makamaka chisankho chikayandikira. Ndalama yake imagula simenti ngati ina iliyonse, koma komiti idziwe kuti holo imene wandale adaikapo matumba ake, tsiku lina adzaifuna, ndipo wopikisana naye akadzaipempha padzakhala nkhani.

Ndalama ya ku Neno imayenda ndi nyengo. Ikabwera ya nandolo, mbatatesi kapena manachesi, chipupa chimakwera. Mvula ikangoyamba, aliyense maso ali pa feteleza ndipo ntchito imaima. Kuimako kuli ndi mtengo wake. Kwacha idagwa ndi maperesenti 25 mu May 2022, n'kugwanso ndi maperesenti 44 mu November 2023. Komiti imene idasunga ndalama kubanki podikira kuti zikwanire denga lonse idadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti malata ake achepa osabedwa ndi munthu. N'chifukwa chake nyumba zambiri mumaziona zitaima pa linta zaka n'zaka, njerwa zikusungunuka ndi mvula. Ine ndimagwirizana ndi makomiti amene amamanga chipinda chimodzi n'kuchifolera, n'kuyamba kuchigwiritsa ntchito, asanakumbe maziko a chachiwiri. Sizikongola pa chithunzi, koma ana amalowamo chaka chomwecho.

Za njerwa zowotcha nazo zasintha. Malamulo a mu 2018 adaletsa njerwazi pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Amene adaonapo matumba a makala m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa sangatsutse kuti mitengo ya ku Neno ikutha. Mabuloko a simenti ndi okwera mtengo, inde, koma komiti yomanga kalasi kapena holo ifunse kukhonsolo isanagwetse mitengo ya uvuni.

Malowo ndi a yani?

Matchalitchi ambiri a kumudzi ali pa malo amene gogo wina adapereka pakamwa, mfumu n'kuvomereza, malire ake ali mtengo wa mthethe ndi chulu. Pamene panali kanyumba ka udzu, palibe ankadandaula. Mpingo ukangoyamba kuyeza malo a holo ndi nyumba za aphunzitsi, adzukulu a gogo uja amatulukira: "Agogo adapereka popempherera, osati munda wonsewu." Nthawi zina amakhala akunena zoona.

Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidatsegula njira yolembetsera malo otere. Mpingo wanzeru umayamba ndi a banja lopereka malo, mfumu ndi mboni, kuyenda m'malire onse masana dzuwa likuswa mtengo, n'kulemba. Ndipo dzina lolembedwa pa pepala likhale la matrasti a mpingo, osati la mbusa, ngakhale atakhala woyera mtima chotani. Mipingo imagawikana, abusa amasamuka kapena kumwalira, ndipo kalasi imene mudzi wonse udaumbira njerwa ikhoza kusanduka chuma cha masiye cha banja limodzi.

Pawindo la malipiro

Pano ndi pomwe Neno lili ndi chophunzitsa dziko lonse.

Zipatala za boma m'Malawi muno sizilipiritsa. Za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ngakhale ndalama yake imaoneka yochepa kwa munthu wa pa ntchito. Pakati pa 2012 ndi 2015 zidachitika kuti zipatala zina za mipingo ku Neno zidayamba kulipiritsa odwala oyendera, ndipo pambuyo pake zina mwa izo zidasiya. Nyumba zidali zomwezo, midzi yomweyo, matenda omwewo. Chidasintha ndi malipiro basi. Akatswiri, ena a iwo ogwira ntchito ku Neno komweko, adatenga makaundula a zipatala 13 za m'bomali n'kuwerenga, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya BMC Health Services Research.

Zimene adapeza n'zoti munthu awerenge kawiri. Malipiro atayamba, chiwerengero cha odwala obwera kuchipatala chidatsika ndi maperesenti pafupifupi 68. Ndiye kuti pa anthu 100 amene ankabwera, otsala adali 32. Malipiro atachotsedwa, chiwerengero chidakwera ndi maperesenti pafupifupi 352, kutanthauza kuti pomwe pankafika munthu mmodzi padayamba kufika anayi ndi kuposerapo. Chiwerengero cha opezeka ndi malungo ndi kachilombo ka HIV nacho chinkatsika ndi kukwera motsatira malipirowo. Malungo sadathe m'midzi pamene windo lidatsegulidwa. Odwala ake ndiwo adasiya kubwera.

Anthu osowawo wogwira ntchito pawindo sawaona, chifukwa chiganizo chimapangidwira kunyumba. Mwana watentha thupi usiku wonse. M'mawa mayi amasula mfundo ya pachitenje n'kuwerenga zimene zilipo. Ndi zomwe amafuna kukagayitsira chimanga. Kabuku ka kuchipatala kali m'jumbo, kokonzeka, koma sakudziwa ngati ndalamayo ikakwane kulembetsa, kuyeza magazi ndi mankhwala, ndipo manyazi okabwezedwa pamaso pa anthu amawawa kuposa mtunda. Amatuma wamkulu kuokala kukagula panado, n'kunena kuti tione mawa. Mawa lake mwana akayamba kukomoka, m'pamene mbuzi imagulitsidwa motchipa ndipo njinga yamoto imaitanidwa, ndalama yotuluka ili yochuluka kuposa ija idasowa dzulo.

Choncho mpingo ukanena kuti ukukuza chipatala chake kuti uthandize anthu, funso loyamba lisakhale la kuchuluka kwa mabedi. Wodi yatsopano yokhala ndi windo lomwe lija idzathandiza anthu 32 omwe aja, pamene 68 ali kunyumba.

Nanga mpingo ukulakwa polipiritsa?

Ayi, ndipo amene amanyoza zipatala za mishoni kuti zidasanduka bizinesi sadaonepo mabuku ake. Bungwe la CHAM, limene lidayamba mu 1966 ndi dzina lina, limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene boma silidafike. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri a m'zipatalazi. Koma mankhwala, mafuta a ambulansi, magetsi, sopo, kukonza denga lodontha, zonsezi chipatala chimadzionera chokha. Kale mabokosi ankachokera ku mipingo ya ku Ulaya ndi ku America. Thandizo limenelo lidachepa, ndipo mbale ya chopereka ya kwa Chekucheku singagule mankhwala a mwezi wathunthu. Chipatala chikaleka kulipiritsa popanda wina wolowa m'malo mwa wodwalayo, mashelefu amauma.

Njira imene idapezeka ndi mapangano a pakati pa boma ndi zipatala za mipingo, amene adayamba mu 2006. Chipatala chimathandiza ulere, makamaka amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo boma limabweza ndalamazo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2016 adapeza kuti m'zipatala za mishoni zokhala ndi mapanganowa, amayi ochirira kuchipatala adachuluka ndi maperesenti 11. Vuto lodziwika ndi lakuti boma limachedwa kubweza, ndipo ngongole ikakula zipatala zina zimabwerera kukulipiritsa.

Phunziro lake kwa komiti iliyonse ndi la masamu, osati la chikhulupiriro. Walira mvula walira matope: womanga chipinda chochirira wadziitanira namwino, nyumba ya namwinoyo, madzi, magetsi a usiku ndi galimoto yothamangitsira mayi amene zamuvuta. Ndiponso chipatala sichitsegulidwa ndi pemphero lodalitsa lokha. Pamafunika chilolezo cha Medical Council of Malawi ndi kumvana ndi ofesi ya zaumoyo ya paboma. Opereka thandizo ambiri amakonda kumanga, chifukwa nyumba imajambulika ndipo pakhoma pamalembedwa dzina. Wolipira mlonda chaka chachisanu ndiye amasowa. Mpingo umene sudapeze yankho la ameneyu usayambe ndi chipatala. Umange chipinda choyera chokhala ndi khonde ndi mabenchi, n'kuuza alangizi a zaumoyo kuti sikelo ya mwezi ndi mwezi azichitira mmenemo m'malo mwa pansi pa mtengo. Katemera ndi wa boma, ogwira ntchito ndi a boma, ndipo palibe windo.

Lolemba mpaka Lachisanu

Matchalitchi ambiri amagwira ntchito tsiku limodzi kapena awiri pa sabata. Masiku enawo muli mileme. Pamene mudzi ulibe nyumba ina yaikulu yofolera ndi malata, kumeneku n'kutaya.

Malo ena adazindikira kale. Lowani m'tchalitchi china Lolemba m'mawa: mabenchi akankhidwira kukhoma, tiana takhala pamkeka tikuimba zilembo, mlezi walemba manambala ndi khala pa katoni. Panja amayi awiri akutakasa phala mumphika waukulu, utsi uli m'maso, makapu apulasitiki ali m'beseni. Sukulu za mmera mpoyamba zambiri m'dziko muno zidayamba chonchi, m'matchalitchi ndi m'zisakasa, ndipo alezi ake ambiri ndi ongodzipereka. Mkangano wake umadziwika: Loweruka amayi osesa amapeza phala lauma pansi ndipo khoma lalembedwalembedwa, akulu ena n'kuyamba kunena kuti nyumba ya Mulungu yanyozeka. Apa ndi pomwe kalasi yapadera imakhala yomveka. Koma kalasi yopanda ufa wa phala imakhala yopanda ana. Munda wa mpingo wolima chimanga ndi soya wa tianato ndi gawo la chimango, ngakhale suoneka pa pulani.

Holo nayo ili ndi nkhani yake. Makomiti ambiri amaimanga ndi maso a lendi: maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mabungwe. Palibe cholakwika, lendiyo ndi imene ingagule utoto ndi kulipira mlonda. Koma mtengo umene bungwe lobwera pa galimoto limalipira usakhale womwewo kwa amayi a banki mkhonde, a sukulu ya kwacha kapena kalabu ya alimi a nandolo. Ndipo kiyi asamakhale m'thumba la munthu mmodzi amene akapita kumaliro ku Mwanza zonse zimaima. Zikumveka zazing'ono, koma magulu ambiri adabwerera pansi pa mtengo chifukwa cha kiyi.

Chimango chimene ine ndimachiika patsogolo ku Neno ndi nyumba yogona atsikana. Masekondale oyendera ali patalipatali, ndipo mtsikana wa kumapiri amasankha pakati pa kuyenda mtunda wautali m'bandakucha ndi kukachita lendi kanyumba pafupi ndi msika, kudziphikira yekha, wopanda womuyang'anira. Zotsatira zake makolo amazidziwa. A Sinodi ya Blantyre adayankha vutoli ndi sekondale yogonera konko ya atsikana. Mpingo waung'ono sungamange sekondale, koma ungamange nyumba yokhala ndi mpanda, madzi, bafa ndi mayi wamkulu wogona pomwepo. Popanda mayi ameneyo musamange n'komwe.

Wobwerayo si wa mpingo wathu

Mawu akuti dera lonse ndi osavuta kuwatchula pa tsiku loyala mwala wa maziko. Dera lonse ndiye kuti Msilamu, wa Mboni za Yehova, wa mpingo umene udapatuka kwa inu chaka chatha mokangana, ndi bambo uja amene amapezeka pamowa tsiku lopemphera.

Mpingo uliwonse uli ndi malamulo a pakhomo pake, ndipo uli ndi ufulu wowasunga. Kwa a Adventist ntchito wamba zimaima kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo. Zipatala za Akatolika sizipereka njira zamakono zolerera. Maholo ambiri a mipingo salola mowa. Cholakwika si malamulowo, koma kuwabisa pa nthawi yopempha mudzi kuti uumbe njerwa, n'kudzawatulutsa nyumba itatha.

Tidaona ku Balaka, boma loyandikana ndi Neno, mmene nkhani yotere imakulira. Mu 2019 pasukulu ya M'manga, ya mpingo wa Anglican, padabuka mkangano pa za atsikana achisilamu ovala hijabu, mpaka katundu adawonongeka ndipo maphunziro adaima. Zidatengera bungwe la Public Affairs Committee kukhazika pansi mbali zonse, ndipo mu 2021 atsogoleri a zipembedzo adasainirana pangano lolola chovalacho m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Sukulu ikakhala ya mpingo, aphunzitsi akulipidwa ndi msonkho wa aliyense, ndipo palibe sukulu ina pafupi, mwini malo sangalamule ngati mmene amalamulira pa guwa. Zimenezi zikambidwe poyamba, mfumu ilipo, n'kulembedwa.

Mvula ikaononga, ndi nkhani ya zimbudzi

Pali ntchito ina imene tchalitchi chimapatsidwa osafunsidwa. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, Neno lidali m'gulu la maboma a kummwera amene adalengezedwa kuti agwa m'ngozi. M'chigawo chonsecho anthu oposa 600,000 adasowa pokhala, ndipo ambiri adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, chifukwa ndi nyumba zimene zidatsala chiimire. Palibe amene adafunsidwa kalata ya ubatizo usiku umenewo.

Tchalitchi chomangidwira mapemphero a maola atatu chikasanduka pogona mabanja kwa masabata, chofooka chake chimaonekera kuseri. Kachimbudzi kamodzi kofolera ndi udzu, kopanda chitseko, sikangatumikire khamu. Ndipo Freddy adapeza dziko lili kale pa mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022, udafika ku Neno m'miyezi yoyambirira, ndipo udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Komabe pa mapulani ambiri a zomanga za mipingo, zimbudzi ndi mjigo zimalembedwa kumapeto, pansi pa matailosi a pa guwa ndi zokuzira mawu. Sindidamvepo pepala Sande ya zimbudzi, koma ndi imene ikufunika: za amayi pazokha, za abambo pazokha, chimodzi chotakata khomo choti njinga ya olumala ilowe, ndi pothira madzi osamba m'manja. Masitepe atatu a pakhomo lalikulu nawo amakongoletsa, koma gogo wa ndodo amawaona ngati phiri la kwa Dambe. Pambali pake pakhale potsetsereka.

Musanakumbe maziko

Inu a komiti, abusa, bambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo amene muli ndi pulani m'manja chaka chino, onjezani mipando itatu pa msonkhano wanu wotsatira. Umodzi ukhale wa nthumwi ya amfumu, wina wa mlangizi wa zaumoyo kapena mphunzitsi wamkulu wa m'deralo, wachitatu wa mayi amene sapemphera nanu. Afunseni chimene chikusowa musanawauze chimene mwakonza kumanga; mwina mukuganiza za holo pamene iwo akulira mjigo. Kenako lembani pa pepala limodzi masiku amene nyumbayo izikhala yotsegula, amene azisunga makiyi, ndalama imene wobwera azilipira, amene sazilipira, ndi kumene kudzachokere ndalama yoyendetsera malowo opereka thandizo akadzapita. Pepalalo liwerengedwe m'tchalitchi ndi pabwalo la amfumu, njerwa yoyamba isanaumbidwe.